Cinsinsi Cimene Ndinaiwala mu Ofesi

 Nkhani imene ndabwera nayo mwezi uno si yondikomera, pakuti wolakwa m'nkhaniyi ndine mwini. Ndakhala nayo kukhosi nthawi yaitali, ndipo kawiri konse ndinayamba kuilemba n'kung'amba pepala. Koma mtsikana amene ndinamlakwira ndiye anandilimbitsa mtima. Anati, "Asisi, lembani cabe, kapena wina angapulumukirepo." Cotero ndalemba. Dzina lake sindidzalichula, ngakhale la mpingo wathu kapena la tauni yathu, ndipo tinthu tina ndatisintha dala kuti munthu asamzindikire.

Ine ndiri ndi zaka 26. Ndinaphunzira za kawerengedwe ka ndalama pa koleji, ndipo kumeneko tinali kugwira makompyuta tsiku ndi tsiku. Nditabwerera kwathu kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, akulu a mpingo anandipatsa udindo wotsogolera gulu la acinyamata. Pa nkhani ya mafoni ndi makompyuta ndinali kudziyesa katswiri. Foni ya amai abusa ikavuta, anali kuitana ine. Alembi a mpingo akasowa cikalata m'kompyuta, anali kuitana ine. Ndinenso ndinali kucenjeza anzanga kuti asapatse munthu nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni. Kudziyesa wodziwa kumeneko ndiko kunandigwetsa.

Caka ca mdima

Nonse mukumbukira caka ca 2024. Mvula inakana, cimanga cinauma m'minda, madzi anacepa ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, masiku ena kuyaka pakati pa usiku pokha anthu ali m'tulo. Foni yanga inali kukhala yozima theka la tsiku. Mwa mwai, ofesi ya mpingo wathu iri ndi sola, ndiponso kompyuta imodzi yakale ya pa thebulo pamodzi ndi pulinta. Kompyuta imeneyo ndi ya ali yense. Alembi alemberapo zilengezo, asungicuma alemberapo malipoti, a kwaya asindikizirapo nyimbo, ndipo ana a sukulu abwera kudzafunafuna mapepala a mayeso akale. Mau otsegulira kompyutayo analembedwa pa kapepala komata pa khoma, kuti munthu asavutike kufunsa.

M'mwezi wa July tinali kukonzekera msonkhano wa acinyamata wa pa chuthi ca August. Maina a opita, ndalama zimene ali yense wapereka, makalata a cilolezo ocokera kwa makolo, zonse zinali kubwera pa WhatsApp yanga. Kukopera maina oposa 60 kucokera pa kafoni kamene batire lake liri pafupi kutha ndi nchito yotopetsa. Tsono ndinati, bwanji ndingoika WhatsApp yanga pa kompyuta? Ndinatsegula Chrome, ndinapita pa WhatsApp Web, ndinaloza kamera ya foni pa kabokosi ka madontho-madontho kamene amati QR code, ndipo mphindi isanathe mauthenga anga anali poyera pa sikirini yaikulu. Nchito imene ikananditengera masiku awiri ndinaitsiriza madzulo amodzi. Ndinatseka Chrome, ndinazima kompyuta, ndinakhoma citseko, kiyi ndinapereka kwa alonda. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo, ndiri kuganiza kuti zonse ndatseka.

Anzanga, apo ndi pamene ndinalakwira. Kutseka Chrome ndi kuzima kompyuta sikucotsa WhatsApp yako m'kompyutamo. Ukapanda kuicotsa ndi dzanja lako, kompyutayo ikhalabe yomangika ku nambala yako, ndipo wina akaiyatsa mawa n'kutsegula tsamba lomwelo, apeza mauthenga ako akale ndi atsopano omwe ali kumdikira.

Uthenga wa usiku

Patapita milungu iwiri, usiku wina magetsi atabwera, ndinalandira uthenga wocokera kwa mtsikana wina wa m'gulu lathu, wa zaka 17, wofatsa, wa mau okoma pa kwaya. Anayamba ndi funso. "Asisi, ndifuna kukuuzani kanthu. Kodi pano palibe wina angaone?"

Ine ndinamyankha mwa ukatswiri wanga uja. Ndinati, "Usaope, mng'ono wanga. Ona timau tiri m'kabokosi kacikasu pamwamba apo. Titanthauza kuti zimene tilemberana n'zokhoma, ngakhale eni ake a WhatsApp sangaziwerenge. Tiri awiri cabe."

Pamenepo anamasuka. Anandiuza kuti anabadwa ndi kacirombo ka HIV, kuti amai ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndi kuti amamwa mankhwala tsiku liri lonse pa 20 koloko usiku. Kupatula azakhali ake amene amlera ndi anamwino a ku cipatala, panalibe wodziwa. Zaka zonse anali kukana kupita ku misonkhano yogonera komweko, poopa kuti anzake adzamva kulira kwa mapiritsi m'botolo. Caka cimeneco anafunitsitsa kupita. Pempho lake linali laling'ono: kuti botololo likhale m'cikwama canga, ndipo nthawi ikakwana ndizimuitana ngati ndifuna kumtuma.

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinamthokoza pondikhulupirira, ndipo ndinalonjeza kuti nkhaniyo idzafera mwa ine. Ndinagona ndi cimwemwe, poganiza kuti ndine mtsogoleri amene ana angamuuze zakukhosi.

Ku msonkhano tsiku loyamba linayenda bwino. Tsiku laciwiri ndinaona kuti atsikana awiri asuntha mphasa zao kucoka pafupi ndi yake. Pa nsima, mbale ya ndiwo imene iye anapisamo ena anaileka. Ndinadzinamiza kuti ndi timikangano ta atsikana. Tsiku lacitatu m'mawa anabwera kwa ine maso ali ofiira, nati mutu uli kumuwawa, afuna kubwerera kunyumba. Anatenga botolo lake m'cikwama canga osandiyang'ana kumaso. Pa Sondo lotsatira malo ake pa kwaya anali opanda munthu.

Coonadi cinatuluka patapita sabata. Mnyamata wina amene amathandiza kusindikiza nyimbo za kwaya anapita ku ofesi kuti aike WhatsApp yake pa kompyuta, monga momwe ndinacitira ine. Atatsegula tsambalo, m'malo mwa QR code anapeza mauthenga anga, ndipo wa pamwamba unali wa mtsikana uja. Anawerenga. Anauzako mnzake mmodzi, nati asauze munthu. Mnzakeyo anauza mlongo wake, nati asauze munthu. Zotsalazo muzidziwa kale.

Nditamva, ndinatsegula foni yanga pa malo olembedwa kuti Linked devices. Inali pomwepo: Chrome, Windows, ndi tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komaliza. Miyendo yanga inalefuka. Pakamwa panga sipanatuluke mau ngakhale amodzi a cinsinsi cija, komabe ndine ndinaciulula.

Kodi loko anathyoka?

Masiku oyamba ndinafuna kukankhira mlandu kwina. Ndinati pulogalamuyo inandinamiza. Koma nditakhala pansi n'kuwerenga bwino, ndinapeza kuti loko sanathyoke ai. Cimene sindinamvetse ndi pamene nchito ya loko ameneyo imathera.

Tiyerekeze motere. Uli ku Chipata, ndipo ufuna kutumiza kalata kwa mbale wako ku Lusaka. Uika kalatayo m'thiranki lacitsulo, ngati lija tinali kupita nalo ku sukulu yogonera komweko, ukhoma ndi loko amene kiyi yake ali nayo mbale wakoyo yekha, n'kulikweza basi. Kondakitala angalinyamule, apolisi a pa mlatho wa Luangwa angaligwedeze, anyamata a mawilibala a pa Intercity angalikankhe, koma palibe angawerenge kalatayo. Umo ndi mmene kukhoma kumene amati end-to-end encryption kumagwirira nchito. WhatsApp inatsiriza kuika kukhoma kumeneku pa mauthenga a anthu onse mu April 2016, ndipo njira yake inacokera kwa anthu amene anapanga Signal. Ndi loko wolimba ndithu. A kampani ya foni, mwini wa Wi-Fi, ngakhale eni pulogalamu, saona zimene mwalemberana.

Koma thiranki likafika, mbale wako alitsegula, kalata aiika pa thebulo. Kuyambira pamenepo loko watsiriza nchito yake, ndipo ali yense wolowa m'nyumbamo angawerenge. Kukhoma kumasunga uthenga pa ulendo cabe. Kusunga nyumba imene uthengawo wafikira ndi nchito ya mwini nyumba.

Tsono pamene uika WhatsApp pa kompyuta, wamanga nyumba yaciwiri. Kale, pamene WhatsApp Web inayamba mu 2015, kompyuta inali kungoonetsa zimene ziri pa foni, ndipo foni ikazima kapena ikasowa intaneti, kompyuta nayo inali kuleka. Kuyambira mu 2021 zinthu zinayamba kusintha. Munthu angathe kulumikiza zipangizo zina mpaka 4, ciri conse ndi makiyi ake-ake, ndipo zimalandira mauthenga ngakhale foni iri yozima. Zimadzidula zokha mwini wake akakhala masiku oposa 14 osagwiritsa nchito foni yake, koma ine yanga ndinali kuigwira tsiku liri lonse. Ndiye kuti usiku uja, pamene mtsikanayo anatumiza uthenga, foni yake inakhoma mathiranki awiri, lina lopita ku foni yanga, lina lopita ku ofesi ya mpingo. Pa foni yake panalibe comuonetsa kuti kuli nyumba yaciwiri. Wodziwa ndinali ine, ndipo ndinali nditaiwala.

Ndinali nazo ngakhale nambala 6 zacinsinsi zija za two-step verification, ndipo ndinali kuzidalira. Koma nchito yake ndi kuletsa wakuba kulembetsa nambala yako pa foni ina. Kompyuta imene walumikiza wekha siyamba yafunsa nambalazo kwa munthu amene wabwera kudzaiyatsa.

Kompyuta si foni

Wina angafunse kuti, nanga foni sangaitole munthu n'kuwerenga? Inde angathe. Koma pali kusiyana kwakukulu, ndipo ndifuna mukumvetse bwino.

Coyamba, foni imagona m'thumba mwako, iri ndi loko wa cala kapena wa nambala, ndipo ukaisowa ngakhale kwa mphindi 10 mtima uyamba kugunda. Kompyuta ya pa thebulo imatsala pamene unaisiya. Ya ku ofesi, ya ku sukulu, ya ku kafe ya intaneti kapena ya pa sitolo yosindikiza makalata igwiridwa ndi manja ambiri pa tsiku, ndipo kawirikawiri onsewo alowera pa dzina limodzi. Sikirini yake ndi yaikulu, woima kumbuyo kwako awerenga osacita kusuzumira. Ngati ndi ya kunchito, amene aisamalira ali ndi mphamvu pa iyo kuposa iwe, ndipo angathe kuikamo pulogalamu yoonetsa zonse zocitika pa sikirini.

Caciwiri ciri m'kati mwa makinawo. Mu foni ya Android kapena iPhone, pulogalamu iri yonse iri ndi cipinda cake cokhoma, ndipo inzake siloledwa kulowamo cisawawa. Mu kompyuta, makamaka ya Windows, mapulogalamu ambiri akhala ngati anyamata a m'mphala imodzi, wina angathe kupisa m'cikwama ca mnzake. Cotero pulogalamu yoipa imodzi ikalowa, ingathe kukopera mafailo a mapulogalamu ena, kujambula sikirini, kapena kulemba batani liri lonse limene wakanikiza. Ndipo mudziwa mmene makompyuta athu akhalira. Muli mapulogalamu okopera mwakuba, masewera otengedwa pa masamba osadziwika, ndi maflashi oyenda kucokera ku kafe kupita ku sukulu, kubwera ku chalichi. Ena akali ndi Windows 7, imene Microsoft inaleka kuikonza mu January 2020. Ngakhale Windows 10, cithandizo cake ca masiku onse cinatha mu October 2025. Kompyuta yotero iri ngati nkhokwe yobooka imene palibe woimata.

Cacitatu, kompyuta siiwala msanga. Cithunzi kapena cikalata cimene watsitsa kucokera pa WhatsApp cipita m'foda ya Downloads, ndipo citsala mmenemo ngakhale utacotsa WhatsApp yako. Nditapita kukayang'ana pa kompyuta ya ku ofesi, ndinapeza makalata a makolo aja ali ndanda, pamodzi ndi maina a ana ndi manambala a mafoni. Kompyuta ikaonongeka ipita kwa wokonza ndi zonse ziri m'mimba mwake, ndipo ikakalamba igulitsidwa kapena ipatsidwa kwa wina.

Si ife tokha

Poyamba ndinaganiza kuti ici ndi cibwana ca ine ndekha. Koma ndinapeza kuti ngakhale akatswiri a maiko ena alimbana ndi nkhani yomweyi.

Signal ndi pulogalamu imene atolankhani ndi omenyera ufulu wa anthu aidalira kwambiri. Komabe mu 2018 kunadziwika kuti Signal ya pa kompyuta inali kukhoma mauthenga m'failo, koma kiyi yotsegulira failoyo inali kukhala m'kafailo kena pafupi pomwepo, yosabisika. N'cimodzimodzi kukhoma citseko n'kusiya kiyi pansi pa cigubu ca pakhomo. Nkhaniyi inabukanso mu July 2024, ndipo mtsogoleri wa Signal, Meredith Whittaker, anayankha kuti munthu sangafike pa kiyiyo ngati sanalowe kale m'kompyutamo. Anali kunena zoona. Komabe madandaulo atacuruka, Signal inasintha, niyamba kusungitsa kiyiyo pa malo otetezedwa a kompyuta. Ine cimene ndinatolapo ndi cakuti ngakhale opanga maloko avomereza kuti wakuba akalowa m'nyumba, loko wa pa thiranki sangakupulumutse.

Mu April 2025 kampani ya Meta, eni a WhatsApp, inalengeza kuti WhatsApp ya Windows inali ndi cilema. Munthu akanatha kukutumizira failo yooneka ngati cithunzi, koma ukaitsegula n'kuyamba kugwira nchito ngati pulogalamu. Cilemaco anacikonza, koma kukonzako kufika kwa okhawo amene aika pulogalamu yatsopano m'malo mwa yakale.

Inu okonda Telegram, dziwani ici. Mauthenga wamba ndi a m'magulu a pa Telegram sakhomedwa mwa njira ya thiranki ija. Mauthenga okhomedwa motero ndi ochedwa Secret Chat okha, ndipo amenewo pa Telegram ya Windows kapena ya pa Chrome kulibe.

Ndipo mu February 2025 ofufuza a Google analemba kuti magulu ogwirizana ndi Russia anali kutumizira asilikali a Ukraine ndi anthu ena ma QR code onyenga, ooneka ngati oitanira munthu kulowa m'gulu la pa Signal. Munthu akangolozapo kamera yake, anali kulumikiza Signal yake ku cipangizo ca adani, ndipo uthenga uli wonse watsopano unali kufikanso kwa iwo. Adaniwo sanathyole loko. Anangonyenga mwini nyumba kuti awadulire kiyi. Zimene asilikaliwo anacita ponyengedwa, ine ndinazicita ndekha popanda wondinyenga.

Kupepesa

Ndinapita kwa Abusa n'kuwauza zonse. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwana wanga, mtsikanayo wamuona?" Ndinati ai, ndicita mantha. Anati, "Ndiye yambira kumeneko. Za makompyuta tidzakamba pambuyo."

Ndinapita pa Ciweru masana. Azakhali ake anandiyalira mphasa, koma moni wao unali wozizira. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse osabisa, ndipo ndinapepesa. Azakhali anati, "Ife tasunga nkhani imeneyi zaka 17 m'nyumba muno, mopanda magetsi, mopanda kompyuta. Inu ophunzira mwalephera ngakhale mwezi umodzi." Ndinalibe coyankha. Mtsikanayo anakhala cete nthawi yaitali, ali kukanda pansi ndi kamtengo. Potsiriza anati, "Asisi, ine ndinafunsa. Ndinafunsa ngati palibe wina angaone."

Mau amenewo ndiyenda nao kufikira lero. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Ndinacotsa WhatsApp yanga pa kompyuta ija ndi cala cimodzi, koma zimene zinalowa m'makutu a anthu panalibe batani lozifufutira.

Mnyamata uja tinakhala naye pansi pamodzi ndi Abusa. Iyenso anali ndi mlandu wake, pakuti kupeza kalata ya mwini iri yotsegula si cilolezo coiwerenga, ndipo kuiwerenga si cilolezo coifalitsa. Analira, napita kukapepesa. Gulu lonse tinaliitanira anamwino kudzatiphunzitsa, ndipo manyazi anatigwira pomva zimene tinayenera kudziwa kale, kuti kacirombo sikayenda m'mbale ya ndiwo kapena pa mphasa, ndi kuti munthu womwa mankhwala mokhulupirika akhala ndi moyo wathanzi monga wina ali yense. Ndinamvanso kuti lamulo la dziko lathu la Data Protection Act la 2021 liika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mwapadera. Koma ife a mu mpingo sitinayenere kudikira lamulo kuti litiuze zimenezo.

Mtsikanayo sanabwerere ku kwaya yathu. Apemphera ku mpingo wina tsopano. Tikakumana pa msika tipatsana moni, ndipo patapita miyezi anayamba kundiseka, kumati, "Muli bwanji, akatswiri?" Anandikhululukira, koma malo ake aja akali opanda munthu.

Zimene ticita tsopano

Ndikupemphani, anzanga, musanatsirize kuwerenga magazini ino, tengani foni yanu, tsegulani WhatsApp, pitani pa Linked devices. Cipangizo ciri conse cimene simucidziwa, kapena cimene munaleka kucigwiritsa nchito, cicotseni. Muzicita zimenezi sabata iri yonse. Tsiku limene tinacita zimenezi pamodzi m'gulu lathu, angapo anapeza makompyuta a ku kafe ndi a ku sukulu amene anawaiwala kale-kale. Mtsikana wina anapeza laputopu ya mnyamata amene anasiyana naye ubwenzi. Anakumbukira kuti tsiku lina anambwereka foni kwa mphindi ziwiri, ati aimbire amai ake.

Pa kompyuta imene si yanu, musaikepo WhatsApp, Signal kapena Telegram yanu. Ngati mufuna kusindikiza cikalata, tumizani cikalata cokhaco ku nambala ya sitolo kapena ya ofesi. Mpingo wathu tsopano uli ndi nambala yake-yake ya nchito za mu ofesi, ndipo ali yense adziwa kuti kumeneko sikupita zinsinsi. Kapepala ka pa khoma kaja tinakamatula. Mukakakamizika kulumikiza yanu, musananyamuke pa mpando kanikizani Log out, yang'anani pa foni ngati kompyutayo yacokadi, ndipo fufutani zimene munatsitsa, mu Downloads ndi mu Recycle Bin momwe.

Munthu akakuuzani kuti mupite pa Linked devices mukajambule QR code yake, kapena mukalowetse nambala zimene wakutumizirani, dziwani kuti afuna kiyi ya nyumba yanu, ngakhale anene kuti ndi za gulu la mapemphero, za mwai wa nchito kapena za mphoto. Safunsa anadya phula. Yambani mwafunsa munthu wodziwa amene mumkhulupirira.

Inu amene muli ndi laputopu yanu-yanu, ikani mau otsegulira amene mudziwa nokha. Mukaimirira, ngakhale kungopita kukamwa madzi, kanikizani batani la Windows pamodzi ndi la L kuti sikirini ikhomeke. Ngati abale anu aibwereka, apatseni khomo lao-lao lolowera. Lolani kompyuta ndi mapulogalamu ake kulandira zokonza zatsopano, ndipo lekani mapulogalamu okopera mwakuba. Mauthenga odzifufuta okha, amene pa WhatsApp mungawaike pa maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, athandiza kuti zinsinsi zisaunjikane, koma saletsa munthu kuwerenga lero zimene zafika lero.

Cacikulu koposa ndi ici: nkhani zina si zolemba. Masiku ano mwana akandilembera kuti afuna kundiuza kanthu, ndimamuyankha kuti, "Usalembe. Tikumane mawa pansi pa mtengo wa mango wa pa chalichi." Ndipo inu amene muli ndi zakukhosi zofuna kuuza mnzanu pa foni, musangofunsa ngati pulogalamuyo ndi yokhoma. Funsaninso kuti, "Kodi WhatsApp yanu iri pa zipangizo zingati, ndipo ziri m'manja mwa yani?"

Kwa atsogoleri anzanga m'mipingo yonse ndinena kuti, mafoni athu anasanduka nkhokwe za zinsinsi za ana a eni. Muli misozi ya ana amasiye, muli za mimba, za matenda, za nkhanza za kunyumba. Iwo anatisungitsa pokhulupirira ife, osati makina. Ine ndinaphunzira mocedwa, ndipo amene analipira maphunziro angawo ndi mtsikana wosalakwa. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Tengani foni yanu muyang'ane tsopano lino.